Ubatizo Wosamaliza wa Alamu Anga

Alamu anga a Fraser Alufandika ndi munthu wabwino, ndipo ndayamba ndi mawu amenewa dala kuti zimene zikubwerazi musazitenge ngati miseche. Samwa, sasuta, ndipo sanawakwezerepo mawu akazi awo, achemwali anga a Margreth, chikwatiranireni. Amagwira ntchito kumsika waukulu wa ndiwo ndi zipatso ku Canning Vale, kumene amayendetsa fokolifiti, kagalimoto kaja konyamula katundu ndi mano awiri akutsogolo. Mukaona kabichi wooneka bwino paukwati wa Amalawi kuno ku Perth, dziwani kuti wadutsa m'manja mwawo. Vuto lawo ndi limodzi lokha, ndipo analisenza kuchokera ku Chikwawa mpaka kudzafika nalo ku Armadale, dera la Perth kumene amakhala: sadziwa ngati anabatizidwa kapena ayi.

Nkhani yake ili chonchi. Ali mnyamata wongoyamba kumera ndevu, kumudzi kwawo kunkabwera mlaliki wina wa panjinga, a Jones, amene mpingo wawo unkasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Tsiku la ubatizo anthu anandanda m'mphepete mwa Shire. Itafika nthawi ya alamu, a Jones anawagwira pakhosi, nakweza mawu kuti a kutsidya amve: "Ndikukubatiza m'dzina la Atate, ndi la Mwana..." Apo mayi wina kumtunda anakuwa kuti, "Ng'ona!" Alamu anamva akukankhidwira m'madzi, ndipo povuuka anapeza ali okhaokha mumtsinje. Mpingo wonse unali phazi thandize, a Jones ali patsogolo.

Madzulo ake a Jones anati asadandaule, dzina lachitatu analitchula ndithu, kungoti analitchula akuthamanga, ndipo Mulungu si wogontha. Anthu ena ankati sinali ng'ona n'komwe, linali thunthu la nthochi likuyandama. Alamu mpaka lero amati thunthulo linali ndi maso.

Ndiye funso limene ena amakangana nalo m'makoleji a ubusa, loti kodi munthu angapulumuke popanda Utatu Woyera, kwa alamu ndi nkhani ya khosi lawo lomwe. Amaliika motere: ngati dzina lachitatu lili losafunika, amalitchuliranji? Ngati lili lofunika, ndiye kuti iwo anaperewera. M'buti ya galimoto yawo munkakhala jumbo ya pulasitiki momwe munali malaya oyera ndi buluku loyera, zosita bwino, kudikira tsiku lomalizitsa. Galimoto anasintha kangapo, koma jumbo inkangosamuka.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangopita kukabatizidwanso, poti kuno mipingo ndi mbwee. Inenso ndinawafunsa, nditangofika kuchokera kumudzi kudzayamba ntchito yosamalira okalamba, masiku amene ndinkagona m'chipinda chawo cha alendo.

"Alamu," anandiyankha, poti ife timaitanana alamu tonse, "ine kuntchito sindinyamula katundu ndisanadziwe kulemera kwake. M'madzimo akandifunsa kuti kodi mukhulupirira Mulungu mmodzi mwa atatu, ndiyankhe kuti inde chinthu ndisanachimvetse? Ndikaname ndili m'madzi?"

Choncho anayamba kufunsa, ndipo amati safunsa anadya phula, koma alamu anapyola muyeso. Ankafunsa pamaliro, paukwati, pamzere wa kubanki, ngakhale kwa wometa tsitsi wa ku Cannington amene sapemphera n'komwe. Ine ndinali woyamba kugwa m'mbuna, tsiku lina akundiperekeza kuntchito pagalimoto. Ndinakulira mumpingo wa Katolika ndipo katekisimu ndinakhoza bwino, ndiye ndinayankha mosaopa.

"Taganizani mafuwa, alamu. Atatu, koma moto ndi umodzi. Mukachotsa limodzi, mphika wagwa."

"Eya, zomveka. Nanga fuwa limodzi palokha ndi Mulungu wathunthu, kapena ndi gawo chabe?"

"Wathunthu," ndinatero, poti katekisimu amatero.

"Ndiye fuwa limodzi lingaphike lokha? Komanso sitovu yathu ija ili ndi mbale zinayi, imaphika bwinobwino."

Ndinapsa mtima njira yonse kuyambira ku Kelmscott mpaka ku Gosnells. Chimene chimanyansa ndi alamu n'chakuti safunsa mwachipongwe. Akanakhala onyoza ukanangowalalatira n'kupuma. Koma amafunsa ndi nkhope ya mwana amene watayika pamsika, ndiye umatsala ndi mkwiyo wako wopanda poutula.

Tsiku lina anabwera kunyumba akuimba mluzu, atanyamula katoni ya mango. Kuntchito kuli mnzawo wa ku Zambia, a Nathaniel, amene mpingo wawo umabatiza m'dzina la Yesu lokha. Akuti anawauza kuti, "Mudala, osavutika mutima. Tate ni Yesu, Mwana ni Yesu, Muzimu ni Yesu. Dzina imozi chabe yakwana. Uja m'busa wanu anakupasani na mbasela." Alamu anasangalala kumva kuti m'malo moperewera anali atapyoletsa. Tinadya mango mpaka kutupa mimba. Koma m'mawa mwake ndinawapeza atagwira kapu ya tiyi wozizira, maso ali pakhoma.

"Alamu, ngati onse ndi mmodzi yemweyo, m'munda muja usiku wogwidwa uja Yesu ankapemphera kwa yani? Ankadzichonderera yekha?"

Chimwemwe cha mango chinathera pomwepo.

Ine maganizo anga sindibisa. Ndimakhulupirira kuti ukachotsa Utatu Woyera wachotsa chikhristu chonse. Ngati amene anafa pamtanda sanali Mulungu weniweni, ndiye kuti kunangofa munthu wabwino, ndipo anthu abwino afa ambiri osapulumutsa ngakhale nkhuku. Ndinawauza alamu zimenezi mosapsatira, ndipo anavomera ndi mutu kwa nthawi yaitali. Kenako anati, "Nanga mbava ija inapachikidwa pambali pake inaphunzira kuti Utatu? Bwanji inalowa tsiku lomwelo?" Ndinawayankha kuti mbavayo inali maso ndi maso ndi mmodzi wa atatuwo, pomwe iwo ali ku Armadale. Anaseka mpaka kutsokomola, koma sanakhutire.

Munthu yekhayo amene sankalowa nawo m'mikangano imeneyi anali achemwali. A Margreth ndi namwino, ndipo kwathu anali mzamba pachipatala cha mishoni. Kumeneko, khanda likabadwa litatsala madzi amodzi wansembe ali kutali, ankatenga kapu ya madzi n'kulibatiza okha, monga mpingo wathu umalolera pangozi ya imfa. Ana otero anadutsa m'manja mwawo ambiri, ena anachira, ena ayi, ndipo sakonda kuzikamba. Alamu akayamba mafunso awo patebulo, achemwali ankangoti, "Bambo a Lilly, chakudya chikuzizira." Lilly ndi mwana wawo wamkazi, amene amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi cha m'mphuno.

Chinthu china chokhudza achemwali muchisunge. Ife tinabadwira kumapiri a ku Dedza, ndipo a Margreth amaopa madzi moti ngakhale pamlatho amatsinzina. Zaka zonsezi ali mumzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, phazi lawo linali lisanakhudzepo funde. Tikapita kugombe ankakhala pafupi ndi poimika magalimoto, nsapato zili kuphazi, akulondera zakudya.

Tikanangokalamba tikuseka choncho, koma chaka chatha alamu anamva chifuwa chikuthina ali pa fokolifiti. Madokotala anapeza kuti mitsempha ya mtima yatsekeka, ndipo anaika tsiku la opaleshoni yong'amba pachifuwa. Mafunso anatha m'nyumba. Munthu amene ankatisowetsa mtendere ndi pakamwa anangoti zii, ndipo achemwali anandiuza kuti tulo sakulipeza. Masana ena ndinapita kukawaona, ndipo ndinawapeza atakhala m'galimoto pakhomo, injini yozima, jumbo ija ili pamiyendo.

"Alamu, ndikuopa," anatero osandiyang'ana. "Mpeni sindikuuopa ayi. Ndikuopa kukafika pachipata cha kumwamba n'kuuzidwa kuti zanu sizinamalizike. Achemwali anu adzalowa. Lilly adzalowa. Inunso ndi ukali wanuwo mwina adzakulowetsani. Ine ndikatsale panja ndekha ngati mumtsinje muja?"

Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo pa munthu wamoyo. Mafuwa anga aja anandithawa onse, ndipo ndinangotsegula chitseko n'kukhala nawo pampando wina.

Amene anamasula mfundo anali abusa Atusaye, mnyamata wa ku Karonga amene amatsogolera kagulu ka Amalawi kopemphera muholo ya lendi ku Cannington, ndipo pakati pa sabata amasamalira anthu olumala. Atabwera kudzazonda, alamu anawathira mafunso onse aja. Abusa anamvetsera, napukuta kumaso.

"Bambo Alufandika, inenso ndikamalalikira za Utatu thukuta limatuluka. Koma m'madzi sindifunsa munthu kuti fotokozani. Ndimafunsa kuti kodi mukuika moyo wanu m'manja mwa Atate amene anakulengani, Mwana amene anakuferani, ndi Mzimu amene amakhala nanu? Dokotala wanuyo mumamvetsa zimene akachite m'chifuwa mwanu?"

"Ayi."

"Koma mukagona patebulo lake?"

Alamu anati, "Kuika m'manja ndingathe." Ine ndinali nditawauza zofananazo kwa zaka zambiri, kungoti ndinkanena mokalipa, koma siyani zimenezo.

Tinakangana za malo. Ine ndinati tipite kudamu losambira la pafupi, lamadzi ofunda, lopanda cholengedwa chilichonse chamano. Alamu anakana, ati madzi onunkha mankhwala aja si madzi, zimene zinayambira m'madzi a Mulungu zikathere m'madzi a Mulungu. Abusa anawaikira kumbuyo. "Tipite kunyanja. Ine ndine mwana wa ku Karonga, ndinaphunzira kusambira ndisanaphunzire kuyenda. Madzi sindiopa." Mawu amenewa muwasungenso.

Lamlungu lotsatira tinatsikira kugombe lina la kufupi ndi Fremantle. Kunabwera anthu a mipingo yonse, poti alamu palibe amene sanamupatseko kabichi. A Nathaniel anabwera, ati adzaone mbasela ikuwonjezedwa. Amayi anavala zoyera, tinanyamula mpunga ndi nkhuku m'mapoto, ndipo tinayamba kuimba azungu ovala timakabudula akutiyang'ana. Jumbo ija inatsegulidwa. Buluku linali litachepa m'chiuno, koma analikakamiza. Achemwali anaima kumtunda kwenikweni pafupi ndi masitepe, atavala chitenje chatsopano, kachikwama kali m'khwapa.

Kwa amene simunafike kuno, magombe ena ali ndi sayirini. Ikalira ndiye kuti kwaoneka shaki, nsomba ija yodya anthu, ndipo aliyense atuluke m'madzi msanga. Ife tinkazidziwa zimenezi monga munthu amadziwira kuti kuli mphezi, osaganiza kuti ingasankhe iwe.

Abusa ndi alamu analowa mpaka madzi kufika m'chifuwa. Tsono abusa Atusaye ali ndi chizolowezi chokoka mawu. Akanangonena mwachangu ngati wansembe wathu, bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma anakweza dzanja kumwamba, nayamba: "Ndikukubatizani... m'dzina... la Ataaate!" Tonse tinati ameni. Anapuma, natiyang'ana. "Ndi la Mwaaana!" Tinatinso ameni. Anakoka mpweya wa dzina lachitatu.

Sayirini inalira.

Sindikunama, Mulungu akundiona. Akuluakulu amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo mpingo unayambiradi limodzi, ngakhale amene anali kale pouma. Mwana wa ku Karonga uja anatuluka m'nyanja mawondo akufika kuchibwano, ndipo anandipitirira ine amene ndinayamba kuthawa ndili pamchenga. Poto wa nkhuku anagubuduzika. Nditatembenuka, ndinaona nyanja yonse yayera, kwatsala munthu mmodzi wa malaya oyera, manja atapingasa pachifuwa, maso atatsinzina.

"Malizitsani!" ankakuwa alamu. "Sindituluka! Malizitsani!"

Abusa anayesa kufuula ali kumtunda, koma sayirini inameza mawu awo. Mtsikana wopulumutsa anthu, wa yunifolomu yofiira ndi yachikasu, ankathamanga akukuwa pachimkuzamawu kuti, "Out of the water, sir! Now!" Alamu sanasunthe. Ndinadziwa kuti munthuyu wasankha: kuli bwino shaki kusiyana ndi kutulukanso ndi maina awiri. Ndinayamba kulira.

Apo chinachake chinandidutsa ngati mphepo. Anali achemwali, nsapato zili kuphazi, kachikwama kakadali m'khwapa. Munthu amene amatsinzina pamlatho analowa m'nyanja osachepetsa liwiro. Funde loyamba linawagwetsa, anadzuka. Lachiwiri linawachotsa duku, sanalitole. Atafika, madzi ali m'khosi poti ndi aafupi, anagwira amuna awo pakolala, nawamiza mutu ndi mphamvu ya mzamba, ndipo mawu awo anaposa sayirini:

"Ndi la Mzimu Woyera! Ameni! Tsopano tulukani, chitsiru inu!"

Chinali chipongwe choyamba chimene ndinamva achemwali akunenera amuna awo. Anatuluka akukokana, osadziwika kuti akupulumutsa mnzake ndani, mtsikana uja akuwakalipira m'Chingerezi chimene sindingachilembe pano. Shaki sitinaione. Akuti inaoneka patali, ndipo a Nathaniel mpaka pano amati mwina linali thunthu la nthochi lochokera ku Chikwawa.

Poimika magalimoto panabuka bwalo la milandu. Abusa Atusaye, atafunda thaulo, anati sanathawe, anangomvera lamulo, poti viza yawo siilola kukangana ndi boma. Anawonjeza kuti dzina lachitatu analitchula ndithu ali pamchenga. Alamu anawayang'ana nati, "Abusa, mawu amenewo ndinawamvapo." Mkulu wina wa mpingo anati munthu wamayi sangabatize. Achemwali, akufinya chitenje, anati pangozi ya imfa aliyense angabatize, ndipo ngati shaki si ngozi ya imfa awauze ngozi ya imfa ndi iti. Mkuluyo anapita kukatola nkhuku pamchenga.

Tsoka ilo, amene anaononga zinthu ndine, ndi katekisimu wanga. Ndinati, "Koma achemwali, lamulo limati wobatiza anene maina onse atatu yekha, osati kupokezana." Anandiyang'ana ndi diso limene ndinalidziwa ndili mwana. "Felesta, awiri enawo anenedwa kale kawiri konse. Umafuna ndiyambire poyamba shaki ikudikira?" Ndinatseka pakamwa, koma madzi akatayika saoleka. Ndinaona nkhope ya alamu ikugwanso.

Opaleshoni inayenda bwino, ndinene msanga kuti mitima ikhale pansi. Alamu anabwerera pa fokolifiti, ndipo mafunso anabwerera nawo limodzi. Sabata yathayi anandifunsa ngati Atate ndi Mwana ali ndi msinkhu umodzi, ndipo ndinatsika galimoto ndisanafike. Utatu Woyera sanaumvetse mpaka lero. Ine ndikadali pa mfundo yanga yoti popanda Utatu palibe chipulumutso, a Nathaniel ali pa yawo, ndipo tonse timadya kabichi wa munthu mmodzi. Malaya oyera aja achemwali amapukutira mawindo.

Koma chimene ndimakumbukira ndi m'mawa wa opaleshoni. Anali atagona pakabedi kamatayala, atavala chovala chija chotsegula kumsana, maso ali psuu chifukwa chosagona. Manesi anali atayamba kale kumasula mabuleki. Alamu anagwira dzanja la achemwali, nafunsa motsitsa, mwina poganiza kuti sindikumva.

"Mayi a Lilly, nanga ndikakafika kumeneko n'kukapeza kuti sizinawerengedwe?"

Achemwali anawakonzera pilo monga amachitira ndi odwala awo.

"Mukaime pachipata pomwepo, musasunthe. Kuima mumatha, tinakuonani. Muwauze kuti amene anakumizani akubwera, adzalongosola yekha. Ndinalowa m'nyanja chifukwa cha inu, ndiye chipata chingandikanike?"

Alamu anaseka pang'ono, natseka maso. Pamene ankafika kumapeto kwa khonde, jakisoni wogonetsa asanawabaye n'komwe, anali akuliza mkonono.